Makina Alowa, Mpando Watuluka

Basi inachedwa pa siteji, ndipo bambo wina wa imvi zapatalipatali anakhala pabenchi atafungatira katoni yolemera ngati khanda. Mayi amene anakhala naye pafupi analephera kupirira.

"Bambo, katoniyo bwanji osaitsitsa pansi? Muli mazira?"

"Muli kamakina kosemera mitengo, mayi. Kamazunguza mtengo, ine n'kumangosema ndi tchizulo mpaka utasanduka mwendo wa tebulo kapena kambale."

"Ndiye kuti ndinu kalipentala."

"Ayi, n'zongosangalatsa mtima Loweruka."

"Zongosangalatsa mtima? Akanakhala amuna anga, katoniyo ikanagona panja, eni ake pambali pake. Akunyumba akudziwa?"

"Akudziwa. Anandiuza kuti ndalama ya pakhomo ndisaiyandikire, ndikafuna choseweretsa ndigulitse changachanga. Nditayang'ana m'nyumba monse, changa chenicheni chinali mpando wandalema wa pabalaza. Ndinagulitsa womwewo."

"Nanga madzulo mumakhala pati?"

"Poyamba ndinakhalira chidebe. Mayi akunyumba anandiyang'ana, n'kuseka mpaka misozi, kenako anasendera pampando wawo kuti ndikhale nawo. Ndi waung'ono, koma tikukwanapo. Chikulireni ana sitinakhalepo mothinana chonchi."

"Basi, poti makina mwapeza, mupange mpando wina msangamsanga. Musawapanikize anzanuwo."

Bamboyo anasisita katoni ija uku akumwetulira.

"Inenso ndinawauza zomwezo m'mawa uno. Andiyankha kuti ndiyambe kaye ndi timbale, mpando si wachangu."