Mayi Veturia Halmagean ndi buku lomwe silidzatuluka

Abale ndi alongo, anamfedwa, ndi nonse amene mwabwera kudzaperekeza: amene agona patsogolo pathupa ndi Mayi Veturia Halmagean. Anabadwa pa 3 Febuluwale 1949 m'mudzi wa Buteni, m'boma la Arad, ndipo anali achitatu mwa ana asanu a Bambo Petru ndi Mayi Saveta Crișan. Ine amene ndikuwerenga ndine Gherasim Todea. Ndakhala mkonzi wa mabuku awo kwa zaka makumi atatu ndi ziwiri, ndipo anandisankha okha kuti ndidzaime pano. Anandiuza kuti, “M'bale Gherasim, moyo wanu wonse mwakhala mukundidulira mawu. Tsiku limenelo mudzawerenge zonse, osadumpha.” Choncho mundikhululukire ngati pena nditchule zomwe sitinena kawirikawiri pamaliro.

Sukulu anaphunzira ku Buteni komweko mpaka kalasi yachisanu ndi chitatu. Mutu unkagwira kwambiri, ndipo mtima wawo unali pa uphunzitsi. Koma masiku amenewo, mu ulamuliro wa chikomyunizimu, mwana wa Mbaptisti sankamufuna patsogolo pa ana a sukulu, moti khomo limenelo linatsekeka asanagogode n'komwe. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi analowa ntchito kufakitale yoluka nsalu ku Arad, ndipo anagwirako mpaka 1994. Phokoso la makina linawagonthetsa khutu lakumanzere. Ambiri a inu mukukumbukira kuti munthu akayamba kuwauza zosawasangalatsa, ankamutembenuzira khutu lomwelo.

Mu 1971 anakwatiwa ndi Bambo Traian Halmagean, amene ankawotcherera zitsulo kufakitale ya mabogi a sitima, nadzakhazikika m'tauni yathu ino ya Sântana. Mulungu anawapatsa ana awiri, Tabita mu 1973 ndi Silviu mu 1978. Bambo Traian anatsogola mu 2008.

Anabatizidwa mu 1966, ndipo anaimba m'kwaya ya mpingo uno zaka zoposa makumi anayi. Nthawi imene boma silinkalola kusindikiza mabuku a mpingo, iwo ankatayipa nyimbo pamakina akale a apongozi awo, mapepala asanu nthawi imodzi ndi kaboni, n'kuwanyamula m'dengu pansi pa anyezi. Boma lija litagwa, zala zinali zitazolowera kale. Mu 1993 anabwera ku ofesi yathu yaing'ono yosindikiza mabuku atanyamula nkhani yawo yoyamba m'thumba logulira buledi.

Analemba mabuku a nkhani asanu ndi awiri, ndipo palibe khomo la mpingo m'chigawo chino limene mulibe ngakhale limodzi. Munali mwini chigayo chidakwa, munali mtsikana wothawira mumzinda, munali kazitape wa apolisi amene ankapereka anzake. Onsewo m'mutu womaliza ankagwada n'kulapa. Lamulo lathu linali lomwelo: buku lisanasindikizidwe, akulu atatu a mpingo ankaliwerenga, ndipo ankayambira kumapeto kuti aone ngati wotayika wapezeka. Mayi Veturia lamuloli silinkawavuta. Amayi ena ankawaimitsa pamsika n'kumati, “Mlongo Veturia, tandilemberaniko mwamuna wanga, mwina angasinthe.” Iwo ankayankha kuti, “Wanuyo, mlongo, pafunika mabuku awiri.”

Tsopano ndifike pa zomwe anandiletsa kudumpha. Silviu atakwanitsa zaka makumi awiri ndi chimodzi anasiya mpingo. Sanabe, sanaledzere, sanachite chilichonse chochititsa manyazi. Anangouza makolo ake patebulo kuti sakukhulupiriranso, ndipo sakufuna kumaimba zabodza. Mu 2003 anapita ku Spain kukayendetsa malole. Chaka chilichonse mu Ogasiti ankabwera, n'kukonza denga, kuwaza nkhuni za nyengo yozizira, ndi kuthandiza amayi ake kuthyola zipatso za maplamu.

Amuna awo atamwalira, Mayi Veturia anayamba buku lachisanu ndi chitatu, lonena za mayi wamasiye amene mwana wake woyendetsa lole anasiya kupemphera. Anandionetsa mitu khumi ndi umodzi. Ndikunena pamaso pawo pano kuti sanalembepo china choposa chimenecho. Ndiye ine, ndi phuma langa, ndinalakwa. Mukudziwa kapepala kathu ka mabuku amene akubwera, kamene timagawa pakhomo la tchalitchi kawiri pachaka, Pasaka asanafike ndi pa chikondwerero cha zokolola. M'kapepala ka zokolola za 2011 ndinaikamo bukulo, chikuto chake chomwe: lole ikulunjika kunyumba yoyaka nyali pawindo, pansi pake mawu akuti lituluka posachedwa. Sindinawafunse. Ndinkati watsala mutu umodzi wokha, ndipo mitu yomaliza ankailemba sabata imodzi. Kuthamanga sikufika.

Lolemba lake anabwera ku ofesi atavala chikhoto cha kutchalitchi, kapepala kali m'manja. Anati, “Ena aja ndinawaumba ndekha, ndinkawagwaditsa nthawi imene ndafuna. Uyu ndinachita kubala. Sindingalembe kuti wabwerera pamene sanabwerere.” Ndinapita kwa akulu, ndipo akulu anati popanda kulapa buku silituluka. Ndinabwerera kwa iwo n'kunena kuti ndiye tingolichotsa pamndandanda. Anandiyang'ana n'kuti, “Mukalichotsa tsopano, Sântana yense anena kuti Veturia wamutaya mwana wake. Lisiyeni pomwepo.” Madzi akatayika saoleka. Kulimaliza sakanatha, kulichotsa sakanatha, ndipo ine ndinasindikiza chikuto chimene chija m'timapepala makumi awiri ndi tisanu ndi tiwiri.

Zaka zimenezo zinali zolemera, ndipo tonse tinaikapo mwala wathu. Lamlungu lililonse pakhomo pajapo pankapezeka wina wofunsa mwachikondi kuti, “Mlongo, buku lija lafika pati?” Wofunsa ndi wofunsidwa onse ankadziwa kuti funso silinali la buku. Anasiya kwaya. Anachoka pabenchi yawo yakutsogolo n'kumakhala pafupi ndi chitseko, kuti azituluka nyimbo yomaliza isanathe. Owerenga a ku Italy ndi ku America ankatumiza makalata, ena mpaka kuwalembera mathero awoawo, a ngozi ya pamsewu ndi a maloto. Ine ndemwe ndinadzipereka kuti ndilembe mutu womalizawo m'malo mwawo, ndipo anandipatsa khutu lija. M'mawa uliwonse ankakhala patebulo la kukhitchini, pepala lili m'makina, mpaka khofi kuzizira. Nkhani ina sanayambenso.

Silviu anabwera mu Ogasiti wa 2012 monga mwa nthawi zonse. Kogula buledi anamumwetulira n'kumuuza kuti, “Tikudikiratu mutu womaliza, a Silviu.” Kometa tsitsi chimodzimodzi. Akadutsa pafupi ndi tchalitchi, anthu ankagwirana zigongono. Anakhala masiku anayi okha. Pokwera basi anauza mlongo wake Tabita kuti, “Kuno ndikangoyetsemula anena kuti Mzimu wandigwira. Ndidzabwera akadzasiya kundiwerenga.” Tabita anawasunga mawuwo mumtima, poopa kuwonjezera bala la amayi ake, ndipo palibe amene angamuimbe mlandu. Kuyambira pamenepo mayi ndi mwana ankangolankhulana pafoni Lamlungu masana, za mvula, za mawondo, za mitengo ya kuseri kwa nyumba. Mayi ankaganiza kuti bukulo likakhala pamndandanda ndiye kuti khomo ndi lotsekula. Mwana ankaliona ngati msampha umene tauni yonse yazungulira. Anatha zaka pafupifupi khumi ndi zitatu osaonana maso ndi maso.

Matenda anayamba mu Novembala chaka chatha. Anayamba kukana chakudya, maso n'kusanduka achikasu, ndipo kuchipatala ku Arad anapeza khansa ya m'chiwindi. Madokotala anayesetsa mbali yawo, koma mu Febuluwale anati ndi bwino akakhale kwawo. Apa m'pamene Tabita anagwada pambali pa bedi n'kuwauza zomwe mlongo wake ananena pokwera basi paja. Mayi Veturia anatembenukira kukhoma, nakhala chomwecho masiku awiri.

Tsiku lachitatu anandiitanitsa. Kapepala ka Pasaka kanali katatsala pang'ono kupita kumakina. Anati, “M'bale Gherasim, lichotseni.” Ine, wopusa mpaka mapeto, ndinafunsa kuti nanga anthu anena chiyani. Anati, “Anthu anena kale zokwanira. Ine ndikufuna mwana wanga adzandipatse madzi akumwa.” Akulu a mpingo atamva anabwera ndi mtima wabwino. Anati afewetsa lamulo: alembe mzere umodzi wokha, woti mnyamata wa m'nkhaniyo wayamba kuganiza zobwerera, ndipo buku lituluka iwo adakali moyo. Kunali kuwapatsa chinthu chimene anachilakalaka zaka zonsezi. Koma anati, “Zikomo, abale. Zimene akuganiza akuzidziwa yekha ndi Mulungu. Imwani tiyi.”

Kapepala kanatuluka kumapeto kwa Malichi kopanda buku lawo. Zimene ankaziopa zinachitikadi. Manong'onong'o anayenda akuti mlongo Veturia wafooka m'chikhulupiriro, ndipo ena anawafikira m'makutu, khutu labwino lomwe. Zinawapweteka, sindibisa. Koma anatenga kapepala kamodzi, nakaika mu envelopu popanda kalata iliyonse, n'kupatsa woyendetsa basi ya ku Spain, amene amatinyamulira katundu wa ana athu, kuti akapatse Silviu.

Pa 2 Epulo Silviu anafika pageti ndi chikwama chimodzi. Anaima pakhomo la chipinda n'kunena kuti, “Amayi, ndabwera. Koma kutchalitchi sindipita.” Iwo anati, “Ndakufunsa za kutchalitchi ine? Tabwera undikwezere pilo uyu, mlongo wako amandinyamula ngati thumba la mbatata.” Anakhala nawo masabata asanu ndi awiri. Ankawaphikira msuzi wa nkhuku, ankawatembenuza, ankawasambitsa m'manja ndi kumaso. Maplamu atachita maluwa anawanyamula m'manja kupita nawo kuseri kuti akaone. Fodya ankakasutira kuseri kwa khola, poganiza kuti amayi ake sakuona, pamene bedi lawo linayang'ana pawindo la mbali yomweyo. Iwo ankangoseka n'kumati munthu wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri akubisala ngati mwana wa sukulu.

Sindikunamizani kuti anapita mtima uli mbee. Kumupempherera sanasiye, kungoti ankatero chamumtima. Chimene anachipempha kwa Mulungu zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi sanachione ndi maso awo, ndipo ankadziwa kuti sachiona. Anandiuza kuti chimawawa, koma kuwawa kwake n'kopiririka mwana ali m'nyumba. Anamwalira Lachitatu pa 21 Meyi 2025, dzuwa lili paliwombo, ana awo onse awiri ali pambali. Anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi chimodzi.

Anasiya mawu awiri oti ndinene pano. Oyamba ndi akuti mitu khumi ndi umodzi ija anaipereka m'manja mwa Silviu. Ndi yake. Kaya aisunga, kaya aiwotcha, kaya aiwerenga, si za ife. Bukulo silidzatuluka, ndipo musamufunse iye, musamufunse Tabita, musandifunse ine.

Achiwiri ndi olemerapo. Mukudziwa mwambo wathu, kuti pamaliro a wokhulupirira mlaliki amatembenukira ana amene sanatembenuke mtima, n'kuwatchula maina pambali pa bokosi, kuwafunsa ngati akufuna kudzaonananso ndi kholo lawo. Mayi Veturia anaitana abusa athu, a Cornel Bradin, kutatsala sabata imodzi, n'kuwapempha kuti, “Abusa, mwana wanga adzakhala akuika amayi ake. Mudzamusiye alire.” Abusa sizinawapepukire, pakuti sanachitepo zotero, koma analonjeza. Choncho lero uthenga ulalikidwa kwa tonse mofanana, ndipo palibe amene aitanidwe kutsogolo. Inenso ndikupemphani, abale, pamene ndikutchula maina otsatirawa, makosi athu akhale momwe alilimu, osacheukira munthu.

Malemu asiya mchemwali wawo mmodzi, Mayi Florica, a ku Buteni. Asiya mwana wamkazi, Tabita, ndi mkamwini, Bambo Dorin Faur. Asiya mwana wamwamuna, Silviu, ndi mpongozi, Mayi Pilar. Asiya zidzukulu zinayi: Beniamin, Estera ndi Darius a kwa Tabita, ndi Irene wa kwa Silviu, wa zaka zisanu ndi zinayi, amene anakumbatira agogo ake koyamba mwezi watha.

Mayi Veturia, ndawerenga zonse monga munanenera. Ambuye amene munawatumikira akulandireni. Apumule mu mtendere.