Chigamba Chotsala pa Nsalu ya Mayi Yunike Mwakalinga

Abusa, mafumu, amayi a mpingo a Umanyano ndi anamalira nonse, Lughano anawaona komaliza mayi ake ali moyo Lamulungu pa 25 Meyi chaka chino, pakhonde lomwe lino. Anawapeza atayala nsalu pamkeka, singano ili kukamwa, magalasi atatsetsereka mpaka pansonga ya mphuno. Iye anali atavala shati yoyera imene iwo anamusokera popita ku koleji. Atamuyang'ana anati, "Iwe, tandipatsa thumba la shati imeneyo." Lughano anaganiza kuti akumulanda shatiyo chifukwa sukulu anaisiyira panjira, ndipo anayankha kuti, "Masanza anuwo sadzandibwezera m'kalasi." Iwo anangoseka. "Ndapempha thumba lokha, mwana wane, koma ukukana ngati ndapempha ng'ombe." Lughano anakwera minibasi ya ku Mzuzu osatsanzika.

Amene walemba mbiri ino ndi Lughano yemweyo, mwana wawo wachiwiri, ndipo akuluakulu a banja avomera kuti iwerengedwe monga yalembedwera. Ambiri mwakhala mukufunsa kuti bwanji nsalu yokongola ija yapachikidwa pakhoma m'malo moikuta pabokosi. Yankho mulimva m'mbiri momwemu.

Malemu mayi Yunike Mwakalinga, omwe kwawo ankawatchula kuti aNyaMsiska, anabadwa pa 3 Ogasiti 1968 ku Hara, m'banja la alimi a mpunga. Anali achitatu mwa ana asanu, ndipo otsala lero ndi achimwene awo aakulu, amalume Gordon. Sukulu anayamba mu 1975, nalekezera Fomu 2. Iwo eni ankanena kuti masamu anawaphunzira m'munda, poyang'ana timinda ta mpunga mmene tagundanirana ndi ngalande za madzi.

Pa 16 Sepitembala 1989 anamanga ukwati woyera ndi bambo Reginald Mwakalinga a ku Iponga, omwe anali aphunzitsi, ndipo anadzakhazikika kuno ku Mlare. Bambo athu anatsogola mu 2016. Kwa zaka makumi awiri malemu ankagwira ntchito ya utelala pakhonde la sitolo ya mayi Amina, anzawo a ku Mangochi ogulitsa nsalu. Mayunifolomu a ana ambiri muli pano anadutsa pamakina awo. Tizidutswa ta nsalu togwa pansi sankataya. Ankatitola n'kuika m'thumba la feteleza, osadziwa kuti adzachita nato chiyani.

Mu Disembala 2009 chivomerezi chinang'amba khoma la chipinda chathu chochezera kuchokera kudenga mpaka pansi. Malemu anatulutsa thumba lija, nalumikiza tizidutswa kuti apange nsalu yophimba mng'aluwo. Koma atamaliza tinaona kuti mng'alu womwewo ausoka pansaluyo ndi ulusi wofiira, wokhotakhota monga unalili pakhoma. Bambo anafunsa kuti nanga mwabisa chiyani pamenepa. Iwo anati, "Sindikubisa, ndikufuna uziwoneka bwino." Imeneyo inali nsalu yawo yoyamba ya zigamba.

Kuyambira pamenepo ntchito yawo inasintha. Pamwamba ankalumikiza zigamba, pakati n'kuika bulangete lakale, pansi nsalu imodzi yosalala, kenaka n'kusoka zonse zitatu pamodzi ndi manja, mzere ndi mzere, mwina miyezi inayi. Asanadule kanthu ankayamba ajambula ndi choko pasimenti, ndipo ana tinkadya panja kuopa kuponda. Sankasoka maluwa kapena mbalame. Ankasoka madzi osefukira, msewu wafumbi, tsiku la msika, ndipo nthawi zina zinthu zimene ife sitinkazimvetsa. Nsalu yatsopano sankaikonda. Ankati chitenje chimene sichinavalidwepo chilibe nkhani. Chigamba chomaliza chikalowa, ankatembenuza nsaluyo n'kusoka tsikulo kumbuyo, pangodya, ndi ulusi wofiira. Nsalu yopanda tsiku sinkatuluka m'nyumba muno.

Tisabise, ena mwa inu munkawaseka. Munkati mayi wa masanza. Munkafunsa kuti bulangete lanji losafunda. Lughano anayamba kukwiya nanu polemba ndime imeneyi, koma anakumbukira kuti mawu omwewo anatulukanso pakamwa pake, ndipo ake ndi amene anali omaliza. Malemu sankasunga mangawa. Yankho lawo linali limodzi kwa aliyense: "Iyi ndi yoyang'ana, si yofunda."

Mu 2014 anapatsa amalume Gordon nsalu imodzi ngati mphatso. Atapita kukacheza ku Hara nthawi yokolola, anaipeza itayalidwa pabwalo, amalume atayanikapo mpunga, nkhuku zikupalasa. Amalume anaiyamikira kuti ndi yolimba kuposa mphasa. Malemu anakhuthula mpungawo, napinda nsalu yawo, ndipo potuluka anayanula shati yabuluu ya amalume pachingwe n'kunena kuti chimenecho ndi chindapusa. Amalume anaifunsa shatiyo zaka khumi ndi chimodzi.

Mu 2018 nsalu zawo zinapachikidwa pachionetsero ku Mzuzu, ndipo mu 2022 ku Lilongwe. Atabwerako sanakambe za anthu otchuka amene anawagwira chanza. Chimene chinawasangalatsa ndi mlonda wa pamalopo, amene anaima nthawi yaitali patsogolo pa nsalu ina n'kunena kuti akumva fungo la matope a kwawo. Anaphunzitsanso amayi asanu ndi atatu a Umanyano, ndipo ankawamasulitsa mzere wonse ulusi ukangokhwepa pamodzi.

Mu 2021 Lughano anasankhidwa kupita ku koleji ya uphunzitsi. Malemu anavina kuchokera pasitolo mpaka pano, nasoka shati yoyera ija sabata yomweyo. Chaka chachiwiri mayeso anamukanika kawiri, ndipo anasiya. Teremu yonse sanawauze. Ankayendetsa njinga ya kabaza ku Mzuzu, akuwanamiza pafoni kuti maphunziro akuyenda. Atamva zoona sanamukalipire, ndipo kusakalipa kumeneko ndi kumene kunamuwawa kwambiri.

Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi anayamba kuwavuta mu 2023. Maso anachita mdima, koma singano sanaisiye, ankangopempha mayi Amina kuti awalowetsere ulusi. Lamulungu pa 8 Juni anagwa pochokera kutchalitchi, mbali ya kumanja itafa. Tinathamangira nawo kuchipatala cha ku Karonga, kumene madokotala ndi anamwino anayesetsa. Anatisiya Lachiwiri pa 10 Juni m'mawa, ali ndi zaka 56. Lughano anafika atafunditsidwa kale.

Tsopano za nsalu ili pakhomayo. Dzulo masana akuluakulu anakhala pansi, ndipo amalume Gordon anati mlongo wawo apite ndi chinthu chimene ankachikonda koposa: nsalu yomalizayo ikute bokosi ndi kutsikira nalo m'manda. Ananena mwachikondi, misozi ili m'maso, ndipo onse anavomera. Lughano anali ataifunyulula kale. Ndi timinda ta ku Hara, tobiriwira ndi tachikasu, ngalande zikudutsa pakati. Koma pafupi ndi ngalande yaikulu panali kamunda kamodzi kosasokedwa, kukula kwake ngati thumba la shati, bulangete la mkati likuonekera, ndipo pamenepo panalembedwa ndi choko dzina la Lughano. Kumbuyo kunalibe tsiku. Anadziwa kuti ikalowa m'manda malo akewo apita ali opanda kanthu mpaka kalekale. Anapempha kuti isapite, koma anauzidwa kuti akulu akulankhula.

Amene anaipulumutsa ndi mlongo wake Tusekile. Anaiyala pamaso pa akuluakulu n'kuyamba kuloza kamunda kalikonse. Aka ndi diresi la Angela, mwana womaliza wa malemu. Aka ndi mpango wa mayi Amina. Aka ndi chitenje cha mayi busa. Zonse zinali zovala za anthu amoyo, ena mwa inu mwakhala pompano. Atafika pa kabuluu anati, "Aka, amalume, ndi shati yanu ija." Amalume anaweramira pafupi, nazindikira batani lawo, n'kudzuka. "Shati yanga ilowe m'manda ine ndikupuma? Yayi! Ipachikeni, ipachikeni msanga!" Anthu anaseka pamaliro, ndipo tikukhulupirira kuti malemu akanaseka kuposa tonse. Lughano yekha sanaseke, chifukwa pa abale onse ndi iye yekha amene munalibe chovala chake.

Lero m'mawa anadula thumba la shati yoyera. Mayi Amina anamulowetsera ulusi monga ankachitira ndi mayi ake, ndipo anasoka yekha. Mukayandikira muona kamunda koyera kokhota, ulusi wake wotalikirana ngati mano a nkhalamba. Malemu akanamumasulitsa. Amayi a Umanyano anafuna kukonza, koma Tusekile anati asiye choncho. Mukamuona waima kumutu kwa bokosi ndi shati yopanda thumba, musamudzudzule kuti wabwera pamaliro a mayi ake ndi chovala chong'ambika.

Malemu asiya ana atatu, Tusekile, Lughano ndi Angela, zidzukulu zinayi, ndi achimwene awo amalume Gordon. Asiyanso nsalu makumi atatu ndi imodzi, ndipo tikupempha amene muli nazo kuti musayanikepo mpunga.

Ife a banja tikuthokoza abusa ndi mpingo, amayi amene mwakhala pamoto kuyambira Lachiwiri, adzukulu okumba manda, abale ochokera ku Hara ndi ku Iponga, ndi mayi Amina amene sanachoke pambali pa bedi kuchipatala. Yewo chomene. Ndagha.

Amama, thumba lija lafika mochedwa, koma lafika. Gonani mumtendere mpaka tidzaonanenso. Nsalu yanu yatha, ndipo tsiku lasokedwa kumbuyo ndi ulusi wofiira.

12 Juni 2025.