Mfundu Pa Suti Yakuda

Abale ndi alongo amene mumawerenga tsamba lino la achinyamata a mpingo wathu, moni nonse m'dzina la Ambuye. Ndine Yamikani wa ku Kanyama muno mu Lusaka, yemwe uja ambiri mumanditchula kuti Chitedze. Sabata ndi sabata ndimawerenga pano maumboni a anthu amene anadzuka pa bedi la chipatala, ena anapeza ntchito atataya kale mtima. Wanga ndi wa mutu, mutu weniweniwu. Unkayabwa, unkayoyoka mfundu ngati ufa, ndipo unatsala pang'ono kundimana mwayi wovina pa ukwati wa mlongo wanga mmodzi yekhayo. Sekani ngati mukufuna, inenso ndimaseka tsopano, koma nthawi imeneyo ndinalira.

Chinali chaka chatha, nyengo yozizira. Asisi anga ba Tamanda ankakwatiwa ndi mnyamata wa ku Ndola. Mukudziwa kuti kuno akwati salowa mu holo popanda lainapu, anyamata ndi atsikana ovala zofanana amene amatsogola akuvina, ndipo ine ndinasankhidwa kukhala kutsogolo kwenikweni. Tinkayeserera tikaweruka kusukulu, pabwalo la kuseri kwa nyumba yathu, pakati pa mpopi ndi chingwe choyanikapo zovala. Sipika tinkaiika pa ndowa yovundikira. Fumbi linkakwera mpaka amayi kutithira madzi kumapazi, ana a aneba atadzaza pa khoma. Sindikudziwa ngati bwalo limenelija lidzakomanso chonchija.

Wotiphunzitsa, amene timamutcha matroni, anali ba Chanda, mayi wochokera ku Kitwe amene anagwira ntchito ya unesi zaka zambiri asanapume. Mawu awo anali ngati a kondakitala wa minibasi, koma akathyola chiuno atsikana athu ankachita manyazi. Anali ndi mpando wawo wa pulasitiki wobiriwira, umene wina aliyense sankaukhudza.

Ndiye mnzanga wina anabwera ndi makoko a chitedze kuchokera ku famu ya amalume ake. Kwa inu obadwira m'tauni amene simuchidziwa, ubweya wake ukangokhudza khungu umayabwa mpaka munthu kuiwala dzina lake. Ine ndinapalira pang'ono pa mpando uja, pamalo pamene ba Chanda ankatsamiritsa mikono. Abale, sitepe imene anavina tsiku limenelo sinali pa pulogalamu. Amayi anandilanda foni, ndinagwada n'kupepesa, koma sindikunamizani pa umboni: mpaka lero ndikakumbukira nthiti zimandiwawa. Sabata yonse yotsatira, ba Chanda akangotembenuka, ndinkadzikanda mowatsanzira ndili mkati movina, anzanga n'kumasokoneza mzere ndi chiseko.

Kenako kuyabwa kwenikweni kunafika. Kunayamba pa liwombo, kunatsikira kuseri kwa makutu, mpaka m'nsidze ndi m'mbali mwa mphuno. Ndikakanda, tinthu toyera tinkagwera pa buku ndili m'kalasi. Vuto linali lakuti panalibe wondikhulupirira. Ndikadzikanda pabwalo paja anzanga ankangoseka, poganiza kuti ndikupitiriza sewero. Amayi ankangoti, “Iwe Yamikani, leka kuseka akuluakulu,” osandiyang'ana n'komwe.

Masuti atabwera kuchokera kwa telala anali akuda bii. Ndinavala yanga, ndinavina nyimbo imodzi, mapewa onse anayera ngati awazapo ufa. Ba Chanda anazimitsa sipika.

“Uyu mwana ananipaka chitedze, manje wayamba kuthira unga pa suti ya bene? Iwe, ukabwera futi so, nikuchosa. Pali anyamata ambiri mu Kanyama.”

Kunali kutatsala masabata anayi kuti ukwati uchitike. Ndinapita ku sitolo ya mankhwala n'kugula sopo wa mankhwala wa mfundu, wachikasu, wonunkha ngati dzira lowola. Wogulitsa anayamba kundifotokozera, ine ndinali kale pakhomo. Bokosi lake, pamodzi ndi kapepala ka malangizo, ndinaliponya m'dzala. Masamu anga anali osavuta: ngati thovu la mphindi zochepa limathandiza, la tsiku lonse lichiza kamodzin'kamodzi. M'mawa mwake ndinapaka thovu lochindikala m'mutu monse ndi kumaso, sindinatsukuluze, ndinaphimba ndi chipewa chaubweya n'kupita kusukulu ndikudziona wanzeru.

Pofika nthawi yopuma mutu unali ng'anjo. Thukuta linatsitsira sopo uja m'maso, ndipo paliponse pamene ndinadzikanda ndi zikhadabo panali ngati athirapo tsabola. Nditavula chipewa, khungu linali litafiira ndi kung'ambika, ndipo mtsikana wokhala pambali panga anasuntha desiki. Aphunzitsi anandibweza kunyumba. Ndinakhala pa mwala wa pampopi, mutu uli m'beseni, ndikudziwa kuti lainapu yandithera. Pamenepo ndinapemphera pemphero loona loyamba m'moyo wanga. Ndinati, Ambuye, mukundidziwa. Sindikulonjeza kuti ndisintha, chifukwa mungandigwire bodza. Koma ba Tamanda akupita ku Ndola, ndiloleni ndiwavinire kamodzi kokha.

Mulungu ali ndi nthabwala zake kuposa zanga. Pa anthu onse a mu Lusaka, amene analowa pageti nthawi imeneyo anali ba Chanda, atabwera msanga kudzasiya nsalu za atsikana. Ndinayembekezera kuti aseka, ndipo akanaseka sindikanawaimba mlandu. Iwo anaika nsalu pansi, anandigwira chibwano n'kutembenuzira mutu wanga kudzuwa.

“Mayo! Iyi si drama. Wazichita chani, chimutu iwe?”

Nditawauza, anandituma kudzala kukafukula bokosi lija. Anandiimika pakati pa bwalo kuti ndiwerenge kapepalako mokweza, mzere ndi mzere, ngati ndili pa asembule. Zonse zimene ndinachita zinali zoletsedwa momwemo. M'mawa mwake anandiperekeza okha ku kiliniki, ati tisamangoganizira, chifukwa zipere nazo zimayoyola khungu koma zimafuna mankhwala ena. Kumeneko anandiyang'ana n'kunena kuti ndi mfundu yamphamvu chabe, ndipo sopoyo ndi woyenera, wolakwa ndi mwini mutu. Amayi atafunsa ngati chinali chilango cha chitedze chija, ba Chanda anati ayi, ngakhale ana ofatsa amadwala zimenezi.

Anandiletsa kumukhudza sopoyo mpaka zilonda zitapola. Kenako ndinamuyesa kaye pa kamalo kakang'ono ka mkono n'kudikira tsiku lathunthu kuti tione ngati khungu likana. Litavomera, lamulo linali ili: kunyowetsa mutu, kupanga thovu m'manja, kupaka ndi nsonga za zala osati zikhadabo, kudikira mphindi zimene zalembedwa pa kapepala, kenako kutsukuluza ndi madzi ambiri mpaka kuterera konse kutatha. Kumaso mosamala, kutali ndi maso ndi pakamwa. Osati tsiku lililonse, koma kawiri pa sabata monga anandiuzira ku kiliniki. Thawulo langa ndekha, chipeso changa ndekha, ndipo akayambanso kuotcha, nditsuke pompo n'kubwerera kwa anesi.

Ba Chanda sanakhulupirire kuti ine ndingawerenge mphindi mwachilungamo, ndipo foni inali idakali m'chikwama cha amayi. Choncho ntchitoyo anaipereka kwa ba Tamanda. Anatenga nyimbo ina ya kwaya n'kuiyeza ndi wotchi yawo, anapeza kuti kuiimba kawiri kukukwana ndendende.

Abale, apa ndi pamene ndinaona kuti Mulungu sanangondichiza mutu. Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse dzuwa likapendeka, ndinkakhala pa mwala uja, kansalu kali kumaso, asisi anga akundipaka thovu uku akuimba. Umu ndi mmene ankandisambitsira ndili wamng'ono, amayi akalawirira kumsika, koma ndinali nditaiwala. Ndinali nditakula kwambiri moti sindinkalola ngakhale kuti andigwire dzanja pamsewu. Tsopano ndinakhala phee, ine Chitedze, mphindi zonsezo osayankhula. Tsiku lina ndinayesa kudzuka nyimbo isanathe, anandikhoma pamutu ndi kapu.

“Nkhala pansi, ikalibe kusila. Ku Ndola nizakhoma ndani?”

Anaseka, koma vesi yachiwiri inatuluka monjenjemera. Ine ndinanamizira sopo kuti walowa m'maso, ngakhale kansalu kanali pomwepo.

Kuyabwa kunayamba kuchepa pang'onopang'ono, osati tsiku limodzi monga ndinkafunira. Tsiku la ukwati, tili pamzere pakhomo la holo, ba Chanda anayendetsa chala pa phewa la suti yanga, anachiyang'ana, n'kundikankha msana. “Pita, chimutu.” Ndinavina mpaka nsapato kundiluma. Nditatembenuka pa sitepe yomaliza ndinaona ba Tamanda akundiyang'ana, akulira ndi kuseka nthawi imodzi.

Ndikuthokoza Mulungu amene ananditumizira thandizo kudzera mwa munthu amene ndinamulakwira. Ndikuthokozanso ba Chanda. Mpando wawo wobiriwira sindidzaukhudzanso mpaka imfa, ngakhale ndiyenera kunena kuti mipando ina mu Kanyama ilipo yambiri, ndipo chitedze chotsala ndinachisunga pabwino. Iwe mnzanga amene ukubisa mutu m'chipewa, usataye mtima ndipo usachite masamu anga. Onetsa munthu wodziwa, werenga kapepala, pirira, ndipo pemphera ngakhale uli wovuta ngati ine, Iye amamva.

Chaka chino kuzizira kutabwerera, mfundu nayo inabwerako pang'ono. Foni ndili nayo tsopano, ikhoza kundiwerengera mphindi. Koma ndimakhalabe pa mwala uja, thovu lili kumutu, n'kuimba ndekha nyimbo ija kawiri. Aneba amadandaula ndi mawu anga. Sindidzuka isanathe.