Kompyuta ya Matola a ku Likhubula

Mvula itangokata pa Chitakale, dalaivala wa matola anawasiya mayi Sabina pasiteji, ati thupi lawo ndi la anthu awiri. Galimoto isanapite patali, matayala akumbuyo anayamba kungozungulira m'matope, mkuluyo n'kubwerera chipewa chili m'manja.

"Mayi, paja munati mukuthamangira chinkhoswe?"

"Cha mwana wanga, ku Likhubula. Koma ndine wonenepa, bambo, ndifika mawa wapansi."

"Kwerani. Mukhale kumbuyo, pamwamba pa tayala penipeni."

"Si munati ndikuthyolerani masipuling'i?"

"Pakamwa panaterera. Ndaika giya wani, ikukumba. Ndaika thuu, ikuzima. Ndanyamula owonda okhaokha, kumbuyo kwapepuka. Magalimoto ampikisano a pa TV aja ali ndi kompyuta yoletsa tayala kuterera. Ine ndilibe."

"Ndiye kompyutayo ndine?"

"Ndinu, mayi."

"Chabwino. Koma kompyuta satsitsira pamsewu. Mukanditule pakhomo penipeni, pamtunda paja kuseri kwa tchalitchi, akuchimuna aone kuti ndabwera pagalimoto."

"Njira imeneyo ndi matope okhaokha, mayi."

"Popita muli nane, musaope. Pobwerera mukafunse a pa TV aja."