Dzina la Azakhali Latsalira Kumbuyo kwa Galu

Musauze munthu, koma Loweruka masana azakhali anga a Shireen anachititsa manyazi banja lonse ku kanema kuno ku Cape Town. Mufilimu yachitatu ya Dona Chiphaliwali, iwo ndi amene amadumpha ndi kugwa m'malo mwa mzimayi wotchuka amene amasewera ngati Donayo, ndiye anakoka amuna awo a Clive kuti akaone dzina lawo pa mayina akumapeto. Ine ndinali pakati ndi mbuliwuli.

Filimu itangotha, a Clive anadzuka.

"Khalani pansi!" azakhali anawakoka lamba.

"Yathatu, Shireen. Zakumwa zija zafika, ndikataye madzi."

"Zidikire. Simutuluka musanaone dzina langa."

"Dzina lanu ndimalidziwa. Ndinakukwatirani."

"Ndikunena pa chinsalu apo! Mufilimu ziwiri zoyamba anandiiwala. Uja wadumpha pa mlatho ndi ine."

"Ayi, uja nkhope yake ndi ina. Wamng'ono uja."

"Nkhope ndi yake, koma msana ndi wanga! Miyendo ndi yanga!"

A Clive anayang'ana miyendo ya azakhali, kenako chinsalu. "Ndiye alemba kuti 'Miyendo: Shireen'?"

Ine mbuliwuli inanditsamwa.

Mayina ankakwera. Amuna okhaokha, abale inu! Woyendetsa galimoto, wophika tiyi, wogwira nyale.

"Onani, Biscuit!" a Clive anawomba m'manja. "Galu wa mufilimu uja amulemba!"

"Galu? Galu wanditsogolera?"

"Anasewera bwinotu. Komanso nkhope inali yake."

"Clive, galu anadumpha pa mlatho atavala nsapato zazitali zidendene?"

"Galu savala nsapato. Nanga inuyo munavaliranji? Amuna aja anali ndi jombo."

"Funsani bambo wotsogolera filimu amene analamula! Akuti mkazi azipulumutsa dziko akuoneka bwino."

"Mukanavula. Ku ukwati wa Denise munavula."

Apa ndiye azakhali anapsa mtima. Anaimirira, n'kufulatira chinsalu, chala chili pamphuno pa amuna awo.

"Tsekani pakamwa! Musandidule mawu mpaka nditamaliza, mwamva?"

A Clive anagwedeza mutu, miyendo atapingasa.

Eee, azakhali anayamba kuwerenga mabala. Bondo la mufilimu yoyamba. Nthiti za mufilimu yachiwiri. Tsitsi lovala lija lomwe linagwira moto, iwo n'kumathamanga nalo, anthu n'kumati ndi zopanga pa kompyuta. A Clive anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu.

"Tsitsani dzanja!"

Anatsitsa. Ine ndinayesa kukoka siketi ya azakhali, anandimenya dzanja osandiyang'ana n'komwe. Mayi wina kumbuyo anali atayamba kujambula pa foni.

"...ndipo lero dziko lonse liwerenga!" Anapuma. "Ndamaliza. Mumati chiyani?"

"Ladutsa."

"Chiyani chadutsa?"

"Dzina lanu. Shireen Fortuin. Analemba bwinobwino, pansi pa wosambitsa Biscuit."

Azakhali anatembenuka. Chinsalu chinali bii, magetsi akuyaka.

"Bwanji osandiuza?"

"Munati ndisakuduleni mawu."

"Clive!"

"Koma n'lokongola, Shireen. Ndatsala pang'ono kulira." Anadzuka, akuyenda mopanikizika. "Tsopano ndingapite?"

"Pitani msanga. Pobwera mugule matikiti, tiyambirenso filimuyi."

A Clive anaima pakhomo, nkhope ili gwa.

"Mugule yanu yokha. Munati ndisatuluke ndisanaone dzina. Ine ndaliona, amene simunalione ndi inu."