Mmene Nkhope ya a Esinala Inabwerera pa Tivi

Moni abale ndi alongo nonse a m'gulu lathu la mapemphero. Ndine bambo wachikulire wa ku Sadzi, ndipo kulemba ndinakuphunzira imvi zitamera kale, choncho mundipirire. Ndikufuna kuchitira umboni za manyazi amene anandigwera chifukwa cha vidiyo ya malemu akazi anga, a Esinala, ndi mmene Mulungu ananditulutsiramo.

Vidiyoyo ndi yokhayo imene a Esinala akuonekamo akuyenda ndi kuyimba. Anawajambula pa foni akutsogolera kwaya ya amayi, matenda asanawagwire, ndipo inadutsa m'mafoni ambiri isanafike mu yanga. Banja litagwirizana zomanga chiliza, ndinati pa tsikulo anthu adzawaone pa tivi. Ndinapita nayo kwa bambo wina wowotcha nyimbo ndi mafilimu mumsika. Ataiyesa, a Esinala anaoneka pakati pokha ngati aima pachitseko, uku ndi uku kuli bii. Ine ndinakana. Ndinati akazi anga sanali munthu wopanikiza pakona, aidzazitse tivi yonse. Iye anaikokera m'mbali monga ndinalamulira, naiika mu fulashi yolumikiza pa tivi, ndipo ine ndinainyamula osayang'ananso.

Pa msonkhano wokonzekera chiliza panali alamu anga a Kachingwe, mlongo wawo wa a Esinala, amene anapuma ntchito m'boma. Chikwatirire ine pabanjapo, sananditchulepo dzina. Kwa iwo ndine “a sukulu ya kwacha”. Ndinalumikiza fulashi ija monyadira. Abale, chimene chinatuluka si a Esinala. Nkhope inali yaphwatalala, thupi lalifupi ngati mtsuko, maso osaoneka, zonse zili mbuu. Ena kumbuyo anaseka chamumtima. A Kachingwe anadzuka n'kuzimitsa tivi.

“Alamu,” anatero, “mlongo wangayu munamukhwinyatitsa nkhope ali moyo. Ngakhale kumanda simukumusiya? Ichi pa chiliza chisadzaoneke.”

Chowawa chinali chakuti zaka zimene ndinkazunza a Esinala ndi mowa iwo anaziona ndi maso.

Kuyambira tsikulo mapemphero anga anasanduka mpeni. Ndinkapempha kuti a Kachingwe nawonso adzaime pakati pa anthu, ana akuwaseka. Ndinakonza mawu odzawalasa nawo, ndipo ndinkawabwereza polima, posamba, ngakhale m'tchalitchi ena akuyimba. Ndikaonera vidiyo ija pa foni, ndinkangomva mawu a alamu.

Tsiku lina mvula inandipeza ku Matawale, ndipo ndinausa pakhonde la kashopu kena. Mwini wake anali Mayi Asiyatu, Msilamu wojambula maukwati. Anandiona ndikupukuta maso, nandifunsa, ine n'kuwakhuthulira zonse.

“Bambo, wojambulayo anaimika foni, pomwe tivi ndi yogona,” anatero. “Mukamukoka munthu woimirira kuti adzaze malo ogona, atupa basi. Mbali zakudazo zisiyeni, si mwano. Komanso iyi yatha ndi kutumizirana, ikamadumpha foni imasiya kukongola kwina m'njira. Pezani amene anajambula. Asakutumizireni ayi, ibwere foni yakeyo.”

Amene anajambula anali Mayi Nasibeko a m'kwaya, amene anasamukira pamwamba pa phiri, kumene amuna awo amagwira ntchito m'nkhalango ya paini. Ndinakwera phiri la Zomba m'nkhungu, mawondo akulira, ndikupuma pamiyala. Sindikunamizani kuti chinkandikankha ndi chikondi. Inali nkhope ya a Kachingwe. Ndinangopempha chimodzi, kuti mayiwo akhale asanafufute. Ndinawapeza akusankha nyemba, ndipo anati, “Ndingafufute bwanji a Esinala, munthu amene anandiphunzitsa kuyimba?” Mawa lake anatsika nane.

Mayi Asiyatu analumikiza foniyo ku kompyuta ndi chingwe. Anaikonza vidiyoyo kuti kutalika kwake kufanane ndi kwa tivi, m'lifupi osakhudza, naiika mu fulashi.

Tsiku la chiliza, titachoka kumanda n'kukhala pansi kunyumba, sindinapemphe chilolezo kwa munthu. Ndinayatsa. A Esinala anaima pakati pa tivi ndi msinkhu wawo wonse, duku loyera, kampata ka m'mano kakuonekera, ngakhale thukuta la pamphumi. A Kachingwe anadzuka kuti akazimitse, koma anathera panjira. Anakhala pansi pasimenti, bambo wa jekete ndi tayi, akulira ngati mwana, akuitana, “Esi, Esi.”

Mtima wanga unati, nthawi ija ndi ino. Ndinawayandikira, mawu anga aja ali kunsonga ya lilime, anthu onse akuona. Pomwepo a Esinala pa tivi anatembenuka n'kukweza chala kuti amayi atsitse mawu. Ndi chala chomwecho chimene ankandikwezera ine ndikayamba phokoso pakhomo. M'vidiyo yotupa ija chalacho sichinkaoneka n'komwe. Mawu aja anandithawa. Ndinangoti, “Alamu, khalani pampando, mudetsa jekete.” Anagwira dzanja langa podzuka, ndipo anapempha kuti ndiibwereze.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandibwezera nkhope ya akazi anga kudzera mwa mayi amene sitipemphera naye nyumba imodzi. Kuti misozi ya a Kachingwe sinandikomere, ndiye ndanama. Mpaka lero ndikaikumbukira, penapake mumtima pamazizira bwino. Pamenepo mundipempherere. Koma inu amene mwanyozedwa pagulu, musataye mtima, ndipo musafulumire kuyankha. Ine ndinakwera phiri kukatenga chokwapulira mlamu, ndipo chinayamba kuletsa ine ndemwe. Ambuye akusungeni nonse.