Mawu Aja Anali Anga

— Halo?

— Halo, Che Ayub? Asalamu alaikumu.

— Walaikumu salamu. Esime, ndiwe? Nambala iyi ndi ya ndani?

— Ya achemwali. Yanga yathima, kuno kuli mitambo, sola sikutchaja. Mwadzuka bwanji ku Monkey Bay?

— Ndadzuka bwino, kaya inu ku Makanjira?

— Tadzuka, alihamudulila.

— Mwana wathu Hidaya?

— Ali bwino. Dzino lija latuluka, akuluma aliyense.

— Nanga amayi, mwendo uja?

— Ukadawavuta, koma dzulo anafika kudimba. Akupereka moni.

— Uwabwezere. Koma ukumveka patali.

— Ndili pachulu paja pa mjigo, netiweki ikugwira pompano pokha. Mukundimva tsopano?

— Bola. Kuli kwabwino koma?

— Kwabwino. Ndimati ndingomvako mawu anu. Masiku ano mwamuna wanga ndimamumvera pa wailesi, limodzi ndi Mangochi yense.

— Ndiye kuti sewero langa ladzulo munamvera! Unalimva bwanji?

— Magazi.

— Basi?

— Dzina lake lomwe ndi Ng'anjo ya Magazi, ndinene chiyani china? Sabata yatha munamwetsa nkhalamba mwavi. Dzulo mwadula wamalonda dzanja. Kodi makolo athu akalewo ntchito yawo inali kuphana basi? Sankaseka? Sankavina? Chiyambireni sewero lanu, palibe ndi mmodzi yemwe anadyapo n'kukhuta.

— Esime, nkhaniyi ndi ya kale kwambiri, azungu asanabwere, mfuti kulibe. Kunalibe chipatala, kunalibe polisi. Mfumu ikakwiya, mutu wako wapita. Ndikayamba kukometsa, ndiye kuti ndikunamiza anthu.

— Inu munaliko?

— Ayi, koma ndinawerenga, ndinafunsanso akuluakulu.

— Aphunzitsi a Duncan akuti nthawi imeneyo kunalibe chimanga, anthu ankadya mapira. Inu munawakazingitsa chimanga.

— Chimenecho ndinalakwitsa, takonza kale. Koma anthu akumvera kapena ayi?

— Akumvera, kunama n'kuchimwa. Asodzi kudoko sakankha bwato sewero lisanathe. Ana asukulu akufunsa kuti, zoona makolo athu ankasungunula chitsulo okha, n'kumagulitsa minyanga kwa anthu a kugombe? Iwo ankayesa kuti kale anthu ankangovala zikopa n'kukhala pansi.

— Waona! N'chimene ndimafuna ine.

— Ndipo tsiku lija mtsikana wa m'seweromo, Nankhoma, ankamupereka kwa mfumu yokalamba, Abiti Omari analira mpaka kutuluka panja. Akuti iwonso anawapereka choncho akadali mwana. Sanauzepo munthu, koma tsiku limenelo anatiuza tonse.

— Mashala. Ukadziwa mmene wandisangalatsira! Ndikawauza anzanga ku situdiyo. Leticia akamva zimenezi...

— Ehe. Tafika.

— Tafika pati?

— Pa Leticia.

— Esime, Leticia ndi amene amasewera Nankhoma. Ndi ntchito chabe.

— Ndipo inu mumasewera Likwanya, wosula zitsulo, womufera Nankhoma. Sewero munalemba ndinu. Anthu ali mbwee m'seweromo, koma munadzisankhira Likwanya.

— Amene ankayenera kusewera anadwala. Akuluakulu a wailesi anati mawu anga ndi oyenera.

— Oyeneradi. Halo? Mukadalipo?

— Ndilipo, ndikumva.

— Likwanyayo ali ndi mkazi kunyumba, si choncho? Uja amangosinja mapira n'kumadandaula. Dzina lake ndani?

— Ndi... mkazi wa Likwanya.

— Dzina lake.

— Sindinamupatse dzina. Mbali yake ndi yaing'ono.

— Kuno amupatsa. Ndikafika pa mjigo azimayi akuti, “Sendezani ndowa, mkazi wa Likwanya wafika.” Wina dzana anandifunsa kuti, “Mwasinja kale mapira?” Onse phwa kuseka.

— Ndi nthabwala zimenezo, usazitengere kumtima.

— Sindinazitengere kumtima. Inenso ndinkaseka nawo. Mpaka dzulo.

— Dzulo kwatani?

— Mukufunsa ine? Mfumu yadwala, ikamwalira Nankhoma amuika m'manda wamoyo limodzi nayo. Likwanya wapita kukamuuza kuti athawe. Nankhoma akuti, tiwoloka bwanji, mtsinje wadzaza. Likwanya anayankha chiyani?

— Esime...

— Nenani. Dzulo munanena bwinobwino, mawu akunjenjemera.

— Anati, “Mtsinje ukatenga ulalo, ine ndidzagona pansi, ndikhale mwala woti upondepo.”

— Mawu amenewo munawatenga kuti? Halo?

— Ndikumva.

— Chaka chija mvula inakokolola mlatho, lole yathu inaima kutsidya. Ine ndinali ndi malungo. Munandibereka kumsana, madzi akufika m'chifuwa. Tili pakati pa mtsinje munandiuza mawu amenewo. Munalibe kanthu, Che Ayub, nsapato zomwe zinali zobwereka. Amalume ankafuna ndikwatiwe ndi mwini golosale. Ine ndinakana chifukwa cha mawu amenewo. Sindinauzepo munthu, ngakhale achemwali. Dzulo ndawamva pa wailesi, mukuuza mkazi wina, anthu akuomba m'manja.

— Sindimauza Leticia. Polemba ndinkaganiza za iwe.

— Mukanaganiza za ine, mukanawapatsa wosinja mapira uja.

— Ndinafunafuna mawu ena, sanapezeke. M'sewero lonse muli imfa ndi mantha. Ndinafuna pakhale chinthu chimodzi choona, choti munthu akhulupirire kuti awiriwa angafere pamodzi. Choona chimene ndinali nacho ndi chimenecho.

— Ndiye munachitenga osandipempha.

— Ndinalakwa pamenepo.

— Ndipo iyeyo analira. Ndinamumva. Kulira kumene kuja si kwa sewero.

— Leticia amalira paliponse, amathanso kulirira nkhuku. Ali ndi chibwenzi chake, msilikali wa pamadzi. Amabwera kudzamutenga tikaweruka.

— Msilikaliyo amamvera wailesi?

— Amamvera.

— Amati chiyani?

— Sandipatsa moni.

— Mwaona? Tilipo awiri.

— Chabwino, mvera. Gawo lomaliza sitinajambule. Ndimati awoloke, apulumuke. Ndisintha. Awagwire pamtsinje, Nankhoma amuike m'manda ndi mfumu, Likwanya abwerere kwa mkazi wake. Nkhani ithere pomwepo.

— Mumuphe?

— Nkhani za kale zimatha choncho, palibe angadabwe.

— Musayerekeze!

— Iii, nanga si iwe...

— Mtsikana wavutika kuyambira gawo loyamba! Anamuchotsa kwa amayi ake, anamumenya, mwana wake anamwalira ndi njala. Ndiye mumukwirire wamoyo chifukwa mkazi wanu wakwiya? Vuto lanu ndi limeneli, chinthu chikakukanikani mumangopha munthu. Ndipo Abiti Omari ndikawayang'ana bwanji? Makanjira yense adzati Esime ndiye wamupha ndi nsanje.

— Nanga ukufuna chiyani?

— Awoloke. Koma awoloke yekha, ndi miyendo yake. Mtsikana wokulira kunyanja sangalephere kusambira.

— Likwanya?

— Atsalire kutsidya kuno, awatchinge omuthamangitsawo. Nanga si anati adzakhala mwala? Mwala suyenda.

— Esime... koma zimenezo ndi zabwino kuposa zanga. Taima, ndipeze cholembera.

— Musalembe! Mwayambanso? Chilichonse chotuluka pakamwa panga chizipita pa wailesi?

— Ndasiya, ndasiya. Ndikupempha kaye. Ndingatenge?

— Ndiganiza. Koma mawu anga aja mwawononga. Ana akuwaimba kale pamsewu. Ndikufuna ena.

— Ndidzakuuza ndikabwera.

— Panopa.

— Panopa ndili pakhonde la situdiyo, anthu akudutsa.

— Pa wailesi sanakumvereni anthu?

— Chabwino. Esime... ine... mtima wanga uli ngati...

— Ngati ng'anjo. Munanena kale gawo lachitatu.

— Ndiye ndinene chiyani? Ndakusowa. Kuno ndimagona pa mkeka m'chipinda cha mnzanga, ndimadzuka osadziwa kuti mwana wanga wamera dzino. Mawu okoma ndilibe, onse ndinathera m'seweromo. Ndakusowa basi.

— Mmm.

— Wamva?

— Ndamva. Amenewo musawapatse munthu. Gawo lomalizalo mujambula liti?

— Lachisanu.

— Ndibwera. Boti ikapanda kunyamuka ndikwera lole.

— Ndi mwana? Msewu umene uja?

— Hidaya akufuna aone bambo ake. Inenso ndikufuna ndimuone Nankhoma ndi maso angawa. Mu situdiyomo muli mipando?

— Ilimo, koma mlendo amakhala panja, kuseri kwa galasi.

— Ine si mlendo. Mundiikire mpando pakati pa inu awiri.

— Esime, maikolofoni ndi imodzi, timaima moyandikana...

— Ndiye maikolofoniyo ndidzakugwirirani ndine. Mayunitsi akutha, foni yalira. Mugule sopo, ndikudziwa kuti malaya anu...

— Halo? Esime? Pakati penipeni? Halo?